Kumiza Mwana m'Cingelezi Sindiko Kumphunzitsa Kulankhula

Ine ndine kalaliki wa Boma muno mu Lusaka, ndipo tebulo langa liri pafupi ndi khomo, kotero kuti ali yense wodzafuna nchito ayamba waonana ndi ine asanalowe kwa akulu. Tsiku lina kunafika mnyamata wocokera ku Kanyama, wobvala malaya osita bwino, atanyamula setifiketi yace ya Giredi 12. Pepalalo linaonetsa kuti Cingelezi anakhoza. Koma pamene mkulu wa ofesi anamfunsa m'Cingelezi cifukwa cimene anali kufunira nchitoyo, mnyamata uja anangoti zyoli, thukuta liri kamu-kamu, nachula mau atatu kapena anai osalumikizana, nakhala cete. Titatuluka panja ndinamfunsa funso lomwelo m'Cinyanja, ndipo anandiyankha mwa dongosolo ndi mwa nzeru, kotero kuti akadalankhula motero m'kati muja, nchito ikadakhala yace.

Mnyamata ameneyu anakhala m'kalasi zaka 12, ndipo pafupi-fupi maphunziro ace onse anawalandira m'Cingelezi. Si iye yekha ai. Ndaona anyamata ndi atsikana ambiri otere ocokera ku Matero, ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere, ndipo ndidziwa kuti ena a inu amene muli kuwerenga mau ano munakomana naco kale cinthu cimeneci, ndipo munabwerera kwanu muli kudziyesa mbuli.

Anzanga ena a mu ofesi akaona zotere amati mankhwala ace ndi amodzi okha: mwana ayambe Cingelezi tsiku lomwe alowa sukulu, asamve liu la Cinyanja m'kalasi, ndipo ngati nkotheka makolo aleke kumlankhula Cinyanja kunyumba. Iwo ati cinenero cimalowa mwa munthu pomizidwa m'menemo, monga momwe nsalu ilandirira utoto ikabviikidwa m'mphika. Ine nditsutsana nao. Sindidana naco Cingelezi, pakuti ndico cimandidyetsa, ndiponso sindikana kuti kumizidwa m'cinenero kumamasula lilime. Cimene ndikana ndi ici: kuti zimene zimacitika m'kalasi la m'komboni ndizo kumiza kumene iwo ali kunena.

Kumiza kweni-kweni

Sitifunika kupita kutali kuti tione munthu womizidwa m'cinenero, pakuti mzinda wathu uno ndiwo umboni. Dziko limene pakhala Lusaka nla Asoli ndi Alenje. Likulu la Boma linasamukira kuno kucokera ku Livingstone mu 1935, ndipo Cinyanja cinakula muno kaamba ka anthu ocokera kum'mawa odzafuna nchito, ndiponso cifukwa cinali cinenero ca apolisi ndi asilikali m'masiku a atsamunda. Lero mai wocokera ku Mongu kapena ku Kasama akafika ku Kanyama nayamba kugulitsa tomato pa msika wa Soweto, sipapita caka asanayambe kutsatsa malonda, kukangana ndi kondakitala wa basi ndi kupepesa maliro m'Cinyanja. Palibe anamgulira buku, palibe anamlembetsa mayeso.

Nanga nciani cimamphunzitsa mai ameneyu? Coyamba, njala: akapanda kulankhula sagulitsa, ndipo ana agona ndi njala. Caciwiri, anthu odziwa Cinyanja amzinga mbali zonse, kuyambira m'mawa kufikira usiku, pa mpopi, m'basi ndi ku chalichi. Cacitatu, mau amene amva ali ndi cinthu cooneka ndi maso: wogula aloza anyezi nachula dzina lace, aonetsa ndalama nachula mtengo. Cacinai, ndipo ici ndico cacikulu, iye mwini alankhula ndipo ayankhidwa. Akaphonya liu anzace aseka pang'ono namuongola, malonda napitirira. Munthu wotere ndiye womizidwa.

Tsono tiyeni tilowe m'kalasi la Giredi 1 ku Kalingalinga kapena ku Chawama, tione ngati zinthu zinai zija zirimo. Wodziwa Cingelezi m'cipindamo ndi mmodzi yekha, ndiye mphunzitsi, amenenso anaciphunzira kusukulu monga ife tomwe. Tiyerekeze kuti ana alimo 70, ndipo phunziro ndi la mphindi 40. Ngakhale mphunzitsi akadatseka pakamwa pace, nagawira anawo nthawi yonseyo mofanana, mwana ali yense akadalandira masekondi 34 okha. Koma mphunzitsi sangakhale cete; ndiye amalankhula nthawi yaikulu, ana nayankha onse pamodzi mopfuula liu limodzi kapena awiri, monga cinkhwe cibwereza mau osadziwa tanthauzo lace. Kuyambira mu 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana aculuka m'makalasi. Ici ncinthu cabwino ndithu, pakuti ana a amphawi alowa; koma cacepetsanso mpata wa mwana ali yense wakutsegula pakamwa. Belo likalira mwanayo atuluka nabwerera ku Cinyanja ca kubwalo la mpira, ca kumsika ndi ca kunyumba. Kalembera wa anthu wa mu 2010 anapeza kuti m'dziko lonse la Zambia anthu olankhula Cingelezi koposa zinenero zina m'moyo wao wa tsiku ndi tsiku sanakwane 2 mwa anthu 100 ali onse. Mwana wa m'komboni womizidwa alipo, inde, koma dziwe limene amizidwamo ndi la Cinyanja. Cingelezi amangowazidwa naco m'mawa ngati mame.

Tinayesa kale

Amene ati tiyambe Cingelezi msanga alankhula ngati apeza nzeru yatsopano, cikhalirenico dziko lino linayenda kale njira imeneyo zaka zambiri. M'masiku a atsamunda masukulu a mishoni anali kuyamba ndi cinenero ca anthu, Cingelezi nicibwera pambuyo. Mu 1963 kunabwera gulu la akatswiri la UNESCO lotsogozedwa ndi Dr. W. C. Radford wa ku Australia, ndipo linalangiza kuti Cingelezi cikhale cophunzitsira kuyambira paciyambi. Boma la Zambia linabvomera mu 1965, Bambo John Mwanakatwe ali Nduna ya Maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la mu 1966 linakhazikitsa zimenezi. Zifukwa zao sizinali zopusa. Dziko linali litangolandira ufulu mu 1964, mitundu inali yambiri, ndipo atsogoleri anafuna cinenero cosakondera mtundu uli wonse. Anafunanso kuti mphunzitsi wa ku Chipata athe kutumidwa ku Mwinilunga, ndi kuti mwana wa wanchito wa Boma asabvutike atate wace akasamutsidwa. Bambo Simon Kapwepwe, amene anakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko kuyambira mu 1967, anatsutsa poyera, nacenjeza kuti njira imeneyi idzalanda ana colowa ca makolo ao. Pokonzanso maphunziro mu 1977 nkhaniyi inabuka, koma Cingelezi cinakhalabe.

Nanga zipatso zace zinali zotani? M'zaka zoyamba za m'ma 1990 Dr. Eddie Williams wa ku Yunivesite ya Reading ku England anayesa ana a m'masukulu a ku Zambia ndi a ku Malawi. Pa nthawi imeneyo ana a ku Malawi anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, Cingelezi ciri phunziro limodzi cabe, pamene ana a kuno anali kuphunzira zonse m'Cingelezi. Munthu akadayembekeza kuti ana a kuno adzasiya anzao kutali. Koma powerenga Cingelezi magulu awiriwo anafanana, ndipo powerenga cinenero ca kwao ana a ku Malawi anapambana kwambiri. Iye anayesa kuwerenga, osati kulankhula. Komabe phunziro lace nlomveka. Zaka zinai za Cingelezi cokha-cokha sizinapatse mwana wa Zambia phindu pa Cingelezi comweco, ndipo zinamlanda luso lowerenga cinenero cace.

Cifukwa ca zotere Boma linayamba kutembenuka. Ndondomeko ya maphunziro ya mu 1996 inalola kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cinenero cimene acidziwa, ndipo kuyambira mu 2014 zinenero za Zambia zinakhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Koma ndondomeko ya mu 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, inabwezera Cingelezi pa malo ace akale, kuti cikhale cophunzitsira kuyambira paciyambi. Ine ndine wanchito wa Boma ndipo lamulo ndilimvera. Koma kumvera sikuletsa munthu kukumbutsa akulu ace kuti pa njira iyi tinapunthwapo kale cala, ndi kuti mwala umene unatipunthwitsa ukali pomwepo.

Za ku Canada

Anzanga ophunzira amakonda kuchula dziko la Canada, kumene njira yakumiza ana inachuka. Nzoona kuti mu 1965, m'tauni ya St. Lambert pafupi ndi Montreal, makolo olankhula Cingelezi anapempha kuti ana ao aphunzitsidwe m'Cifalansa kuyambira kalasi la ana ang'ono, ndipo Profesa Wallace Lambert wa ku Yunivesite ya McGill ndi anzace anatsata mayendedwe a anawo. Ana aja anadziwa Cifalansa, ndipo Cingelezi cao sicinaonongeke. Koma taonani kusiyana kwace. Makolo anasankha okha. Aphunzitsi anali odziwa Cifalansa bwino lomwe, ndiponso anali kumva cinenero ca anawo, kotero kuti mwana wamng'ono akalankhula Cingelezi sanali kulangidwa. Patapita zaka zocepa anawo anayamba kuphunziranso kuwerenga ndi kulemba cinenero ca kwao m'sukulu momwemo, ndipo kunyumba kunali mabuku ndi manyuzipepala a cinenero cimeneco. Palibe anauza mwana wa ku St. Lambert kuti cinenero ca amai ace ncocititsa manyazi.

Ndiponso ngakhale kumeneko anapeza cinthu cimene anzanga sacichula. Mu 1985 Profesa Merrill Swain wa ku Toronto anaonetsa kuti ana amene anakhala zaka zambiri m'makalasi otere anali kumva Cifalansa pafupi-fupi monga eni ace, koma polankhula ndi polemba anali kuphonyabe malamulo a cinenero. Iye anati cifukwa cimodzi cacikulu ncakuti m'kalasi anawo anali kumva zambiri koma kulankhula pang'ono, ndipo munthu sazindikira cimene cimsowa m'cinenero kufikira atayesa kunena maganizo ace kwa munthu wina. Ngati zinatero ku Canada, kumene makalasi ngocepa ndipo mabuku ngambiri, nanga kuli bwanji ku George?

Cilango cimaphunzitsa kukhala cete

Ndinaphunzira pa sukulu ina ya mishoni kum'mawa, ndipo ndiyamika zambiri zimene ndinalandira kumeneko. Koma panali mwambo umodzi umene sindiuyamika. Panali kathabwa komangidwa ndi cingwe, ndipo ali yense wogwidwa ali kulankhula Cinyanja anali kukabvala m'khosi kufikira atagwira mnzace. Wopezeka nako Lacisanu anali kuchecha udzu anzace ali pa mpira. Aphunzitsi anaganiza kuti ali kutimiza m'Cingelezi. Cimene tinaphunzira ife ndico kunong'ona, kuzondana, ndi kusunga pakamwa. Mwana woopa cilango akalankhula Cinyanja, ndi woopa kusekedwa akaphonya Cingelezi, amapeza kuti njira ya mtendere ndiyo kusalankhula konse. Ndikhulupirira kuti mnyamata wa ku Kanyama uja anaphunzira cete wace m'njira yonga imeneyi.

Cimene cinamasula lilime langa cinali cina. Panali mphunzitsi wina wokalamba amene madzulo a Laciweru anali kutisonkhanitsa anyamata khumi ndi awiri kuti ticite mtsutso. Anali kutipatsa nkhani yotikhudza, monga ya cimalo kapena ya mtengo wa feteleza, natilola kuyamba takambirana m'Cinyanja kufikira ali yense atadziwa cimene afuna kunena. Pamenepo ndipo tinali kuimirira mmodzi-mmodzi ndi kunena m'Cingelezi. Sanali kutidula pakati. Zophonya zathu anali kuzilemba pa kapepala, nationgola titamaliza. M'caka cimodzi ca madzulo otere ndinalankhula Cingelezi cambiri koposa cimene ndinalankhula m'zaka zisanu ndi zitatu za m'mbuyo. Cinyanja sicinachinge njira; ndico cinakonza maganizo amene Cingelezi cinadzanyamula.

Zimene otsutsa adzanena

Wina adzati, "Nanga ana a kumayadi, a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, si awo alankhula Cingelezi ngati madzi?" Inde alankhula, ndipo iwo ndiwo acitira umboni mau anga. Ana amenewo amizidwadi: amva Cingelezi kwa makolo pa cakudya, kwa anzao posewera ndi pa wailesi ya kanema, ndipo m'kalasi mwao ali ocepa kotero kuti mphunzitsi adziwa liu la mwana ali yense. Cimene ciwathandiza ndico kukhala pakati pa olankhula ndi kuyankhidwa tsiku lonse. Lamulo lolembedwa ku Unduna silingasamutsire zinthu zimenezi ku Kanyama. Ndipo mai wa m'komboni amene aleka kulankhula Cinyanja kwa mwana wace, namlankhula Cingelezi cocepa cimene iye mwini ali naco, amana mwanayo nthano, miyambi ndi malangizo akuya, nampatsa mau owerengeka olamulira ndi okalipira. Ndaonanso ana a kumayadi atafika kumudzi pa maliro, osatha kupereka moni kwa ambuye ao. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati, "Mu Lusaka muli mitundu yonse, mudzasankha cinenero ca yani?" Funso ili nlolemera. Zinenero zimene Boma limagwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi ziripo 7: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Koma pitani pa bwalo liri lonse la m'komboni muchere khutu kwa ana osewera. Mwana wa Mtonga ndi mwana wa Mlozi akangana za mpira m'Cinyanja ca m'tauni, mwina cosakaniza ndi Cibemba. Ndibvomera kuti Cinyanja cimeneci cisiyana ndi Cicewa ca m'mabuku, ndipo mau ena a m'buku amadodometsa mwana wobadwira ku Matero. Koma mtunda wocokera pa Cinyanja ca m'tauni kufika pa Cinyanja ca m'buku ngwaufupi poyerekeza ndi mtunda wofika pa Cingelezi. Mphunzitsi wanzeru ayambire pa mau amene mwana wabwera nao.

Winanso adzati, "Mayeso, makalata a nchito ndi malamulo a dziko zonse ziri m'Cingelezi." Nzoona, ndipo ncifukwa cace ndifuna kuti ana athu acidziwe koposa momwe acidziwira lero. Cingelezi ciphunzitsidwe kuyambira mwana ali wamng'ono, tsiku ndi tsiku, ndi nyimbo, masewero ndi kukambirana awiri-awiri kapena anai-anai, kuti m'mphindi 40 zija ana onse 70 alankhulepo. Koma masamu ndi za cilengedwe mwana wa zaka 7 azimve m'cinenero cimene aganiziramo, kuti asasenze akatundu awiri pa mutu umodzi. Kuthamanga sikufika.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu

Tsono nditembenukira kwa inu, abale anga ndi alongo anga, pakuti za malamulo adzakamba ndi akulu, koma lilime lanu liri m'kamwa mwanu. Musadziyese mbuli. Mau a Cingelezi muli nao ambiri m'mutu. Munawawerenga, munawalemba pa mayeso. Cimene simunapatsidwe ndiwo mpata wakuwanena kwa munthu amene adzakuyankhani. Mpata umenewo mungathe kudzipangira, ndipo sulira ndalama.

Pezani anzanu atatu kapena anai amene ali ndi njala yonga yanu, mupangane ola limodzi masiku atatu pa mlungu. Pa ola limenelo lankhulani Cingelezi cokha, mwa kufuna kwanu, popanda kathabwa ndi popanda kusekana. Musakambe za m'buku la mayeso. Kambani za madzi osefukira ku Kanyama nthawi ya dzinja, za kuzima-zima kwa magetsi, za mtengo wa unga, nkhani zimene zimakutenthetsani mtima kotero kuti simungathe kukhala cete. Liu likasowa, lichuleni m'Cinyanja, mupitirire, ndipo mudzalifune pambuyo. Mverani nkhani za m'Cingelezi pa wailesi ya ZNBC, ndipo zikatha fotokozerani mnzanu zimene mwamva ndi mau anu-anu. Werengani nyuzipepala mokweza kuti pakamwa pazolowere. Amene muli ndi foni, tumiziranani mau olankhula pa WhatsApp m'malo mwa olemba, ndipo mudzimvere nokha. Wina akhale mkulu wa ofesi, wina wofuna nchito, mufunsane mafunso kufikira mantha atatha. Mudzaphonya kawiri-kawiri, monga mai wa pa Soweto anaphonya masiku ace oyamba. Koma kumbukirani kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo mukabwerera kunyumba, musanyoze cinenero cimene munayamwira. Ang'ono anu muwasimbire nthano m'Cinyanja, muwaphunzitse kuciwerenga, pakuti mwana wodziwa kuwerenga cinenero cimodzi sayambanso paciyambi pofika pa caciwiri.

Mnyamata wa ku Kanyama uja ndinamuuza zomwezi pa khomo la ofesi tsiku lija. Nchito ija inapita kwa wina, ndipo sindinamuonenso. Koma mlungu uli wonse pafika ena onga iye, ndipo ndikhumba kuti pamene mmodzi wa inu adzaima pa tebulo langa, ndidzamlowetse kwa akulu mtima wanga uli m'malo.